Anakuphaninso chifukwa cha petulo

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Kawale tilipo, kupuma kokha ndiye tikupuma. Ndikudziwa kuti Loweruka lija munandidikira. Munaona abale atazungulira manda anu, nsalu yoyera ili pa chiliza, inu n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi monga munkachitira pa maukwati, kuona amene wabwera ndi amene wanyoza. Yanga simunaione. Nsalu anavundukula ndi Rozi, mng'ono wanga, pomwe mwana wanu woyamba ndine. Musanandiweruze khalani pansi mumve. Zilembo ndi zomwe zija za Sitandade 4, pena pakapindika mungoti ndi Agnesi ameneyo.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo samuuza za maliro asanamwe madzi. Tadala, mdzukulu wanu uja munkamutcha kamphuno, anachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Esitere. Dzina lokha likanakwana, koma watenganso pakamwa. Akayamba kulira, a nyumba yachitatu amadzuka n'kuyamba kusesa. Munda wa ku Tsabango sunachite bwino. Feteleza ndinathira wa m'mbale, mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo chomwe chinapulumuka m'mphepete mwa njira anandikololera ena opanda kuwapempha. Nkhuku zanu zija zinatha ndi chitopa, yatsala imodzi ya khosi losupuka, youma mutu ngati mwini wake. Mpopi umatulutsa madzi ukafuna. Mpanda wakuseri unagwa, ndangoimikapo malata akale.

Koma chomwe chatigwira pakhosi ndi mafuta a galimoto. Amayi, simunazionepo. Pa filing'i iliyonse mzere umachoka pa pampu, kukhota kumsika, kukathera kumene maso safika. Amuna athunthu amaswera pomwepo, amameta ndevu pomwepo, akazi awo kumawapititsira chakudya ngati ali m'chipatala. Ndiye kwabwera kanthu ka mu foni, amati apu. Musandifunse kuti kamadya chiyani. Ukakatsegula kamakuyalira Lilongwe yense ngati chitenje, malo onse omwetsera mafuta ali timadontho. Kadontho kakafiira ndiye kuti pauma, kakabiriwira ndiye kuti thankala yatsitsa. Amene amakauza ndi madalaivala omwewo. Wina akaona pampu ikuthira amalembapo, mwina n'kujambula chithunzi, anzake onse n'kuona n'kuthamangirako. Poyamba ndinakayamikira. Ndinati ndi mmene tinkachitira kumudzi pa chilala, wina akapeza chitsime chosaphwa amabwera kudzaitana anzake.

Amene anandionetsa kanthuko ndi Limbani, mwana wanga woyamba, mwamuna wanu uja. Eya, yemwe uja munkamubisira chiwindi cha nkhuku pansi pa mbale, ndikafuna kumukwapula inu n'kumati, "Usandimenyere mwamuna wanga." Pano amayendetsa minibasi ya bwana wake, Kawale m'tauni. Nkhani ya chiliza itapsa anabwera yekha, osamuitana.

"Masiteni, za thiransipoti musaganize. Ulendo wa agogo ndi wanga. Bwana ndamuuza kale."

Ndinati, "Nanga mafuta?"

Anagwedeza foni pamaso panga. "Mafuta ali umu."

Tinapangana kunyamuka Lachisanu kuti tikagone konko, tikathandize zophika. Ndinapempha mnzanga wa kumpingo, NyaGondwe, mukumukumbukira, wa ku Rumphi uja ankabwera kudzakuyimbirani mukudwala, ndi amayi ena awiri a chigwirizano. Nkhata ya maluwa ndinagula ndekha, ndinasankha oyera ndi ofiirira. Chithunzi chanu cha pakhoma ndinachipukuta kuti chikakhale patsogolo pa mwambo.

Lachisanu m'mawa Limbani anafika ali mwee, mano onse panja. Munkati mwana akaseka kwambiri muyang'ane m'manja. Ine ndinayang'ana mano.

"Valiranitu yunifolomu, Masiteni. Tikangomwetsa, ulendo."

Ndinati yunifolomu si ya paulendo, bulauzi yoyera ikafika ku Dedza itasanduka katondo. Iye amvekere, "Agogo akuoneni mukutsika mutatchena, adziwe kuti anasiya anthu m'tauni." Amayi, ndinakopeka ngati namwali. Tinavala tonse anayi, masiketi akuda, mabulauzi oyera, maduku ali mbee. Nkhata anaiika yekha pagalasi lakutsogolo. Chithunzi chanu anati ndichifungate. Kenako ndinamuona akuthyola nthambi za mtengo wa pa khomo n'kumazimangirira kutsogolo kwa minibasi.

"Masambawo ngachiyani?"

"Nanga si tikupita kumanda?"

Ndinangoti chabwino, kumanda tikupitadi.

Pano mumvetse bwino. Pa mizere ya mafutayi anthu amatukwanizana, amamenyana, mlamu sadziwa mlamu wake. Koma pali lamulo limodzi lomwe sanalembe munthu aliyense: galimoto ya maliro imadutsa. Akaona masamba, akamva nyimbo, amapatuka okha, ngakhale amene wakhala pamzere kuyambira dzana. Ndi kaulemu kamodzi kokha kamene kanatsala mu mzinda muno.

Apu inati kwabiriwira cha ku Biwi. Tikuyandikira, Limbani anayatsa magetsi ophethira aja n'kunena kuti, "Yambani nyimbo, amayi, ulendo wa agogo usakhale wa zii." NyaGondwe anayambitsa nyimbo yanu ija, yomwe munkaikonda pa mgonero. Tinadutsa mzere wonse pang'onopang'ono. Amuna ankavula zipewa. Anyamata a kabaza anakoka njinga zawo kutipatsa njira. Limbani anatsika n'kukanong'onezana ndi othira mafuta, ine sindinamve. Bambo wina wa imvi, amene ankakankha yekha kagalimoto kake, anafika pa windo n'kugwira pamtima.

"Pepani, mayi. Ambuye akutonthozeni."

Ndinati zikomo, misozi ili chuchuchu. Inali yeniyeni, Amayi. Ndinali nditayang'ana nkhope yanu pa miyendo panga, nyimbo ili m'makutu. Ndimaganiza kuti mwana wawauza zoona, kuti tikukavundukula chiliza, ndipo anthu achita chifundo. NyaGondwe yekha anandikodola. "Amama, anthu a mu Lilongwe ayamba liti ulemu wotere?" Ndinamuuza kuti asiye kukayikira ntchito za Mulungu. Lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudziluma lilime.

Titatuluka, Limbani anati atithirira pang'ono, poti masiku ano sadzazitsa, amagawira aliyense kachikho. Sitingafike nawo. Anayang'ana foni, akuti kwabiriwira ku Eriya 36. Poti ndi njira yomweyo ya kwathu, sindinaone cholakwika. Kumenekonso chimodzimodzi, magetsi, nyimbo, zipewa pansi. Kenako anatitsitsa pa msika kuti tigule kabichi ndi tomato wa ku mwambo, iye akapope tayala. Tayala limenelo linatenga nthawi yoti munthu angaphike nyemba. Pobwera akutafuna chingamu ngati mbuzi. Ataweramira kwa ine kuti alandire thumba, ndinamva fungo. Osati la m'manja, la m'kamwa. Petulo. Inu simungadziwe, koma anyamata akafuna kukhuthula thanki amalowetsa paipi n'kuyamwa ndi pakamwa mpaka mafuta atayamba kutsikira m'chigubu. A m'zigubuwo ndi amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu pa mtengo wodula khosi.

Ndinangomupatsa thumbalo. Mwana wako sufulumira kumuganizira zoipa.

"Kwabiriwiranso ku 25, Masiteni. Kamodzi kokha, basi tizipita."

"Ku 25 yakhala njira ya ku Dedza chiyambire liti?"

"Inu mumadziwa nyimbo, ine ndimadziwa thanki."

Anatembenuza minibasi, kudutsa tauni yonse kulowera kumpoto, kwanu kuli kumbuyo. Amayi awiri aja anayamba kuyang'anana. Pofika pa filing'i ya ku 25, nyimbo inali itazilala, ndi NyaGondwe yekha ankaikoka. Anthu anayamba kupatuka ngati kale. Ndiye mnyamata wina wa kabaza, chipewa chachitsulo chili m'manja, anayang'ana foni yake, kutiyang'ana ife, kuyang'ananso foni. Anakuwa ngati waona njoka.

"Ndi omwewa! Amangwetu, ndi omwewa! Maliro a ku Biwi aja afika kuno!"

Mzere wonse unatithira maso. Kanthawi kochepa minibasi inali itazunguliridwa.

"Gogo, uja wa ku Biwi mwaika kale?"

"Lero mwafetsa angati, mayi?"

"Tsegulani kumbuyoko, tione bokosi!"

Mmodzi anandiika foni pamphuno. Amayi, ndinadziona. Duku lili mbee, pakamwa pali yasa, misozi pamasaya, inu muli pa miyendo panga. Pansi pake analembapo kuti, "Chenjerani ndi maliro oyendayenda awa. Amwetsa ku Biwi, amwetsanso ku 36." Kanthu komwe kaja ndinkakayamikira kanali katandifikitsa m'thumba la dalaivala aliyense mu Lilongwe ine ndisanafike. Mtsikana wothira mafuta anabwera m'manja muli m'chiuno, n'kuloza Limbani.

"Awa angondiuza pompano kuti agogo awo amwalira usiku wathawu, thupi lili ku mochale, akuthamangira kukalitenga."

Ndi pomwe ndinamva ndi makutu anga chimene mwamuna wanu ankanong'oneza tsiku lonse. Anakuphaninso, Amayi. Ku Biwi anakuphani, ku 36 anakuphani, ku 25 amafuna akupheninso. Inu amene tinakusambitsa ndi manja athu, amene tinakulirani mpaka mawu kutha, anakudzutsani n'kukugonekanso m'firiji ya chipatala kuti apeze chigubu.

Mumandidziwa, sindikhala chete. Ndinatsika ndi chithunzi chanu, NyaGondwe ali pambuyo panga. Ndinachikweza m'mwamba.

"Tamverani, ana inu! Awa ndi mayi anga ondibereka. Sindine wakuba. Anamwalira chaka chatha, tikupita kukavundukula..."

Sindinamalize.

"Mwamva? Chaka chatha!"

"Avomera okha agogo!"

Kuseka kwake, Amayi. Zoona zanga zomwe ndi zimene zinandimanga. Ena anayamba kuzula masamba, ena kumenya minibasi ndi zikhatho. Wina anatsegula kumbuyo n'kutulutsa paipi ikudontha. Ndinatembenuka kuti ndimuyang'ane Limbani m'maso, anene yekha pamaso pa anthu kuti mayi ake sankadziwa kanthu. Mawu awiri okha akanandivula manyazi. Ndinangomva injini. Anabwerera chambuyo, kukhota, ulendo, ndi amayi awiri aja akukuwa m'katimo. Anandisiya ndili chiimire pakati pa amuna olusa, nditakufungatani.

Sanatimenye, Mulungu alemekezeke. Mayi wina wogulitsa nthochi anatikokera kuseri kwa benchi yake. Tinayenda wapansi mpaka pa siteji, m'mayunifolomu, NyaGondwe akungoti, "Yayi, yayi, Chiuta wane." Mu minibasi yomwe tinakwera, aliyense woweramira foni ndinkangoti akundiona ine.

Mukuganiza kuti zathera pomwepo? Madzulo ake kunabwera Abiti Mussa, mnansi wathu wogulitsa usipa, uja ankakubweretserani phala la mpunga masiku anu omaliza. Sanalowe. Anaima pa khomo, maso ali psuu. Mchimwene wake anamwalira m'mawa wa tsiku lomwelo ku Mgona. Mukudziwa anzathu achisilamu sagoneka maliro, amaika tsiku lomwelo. Lole yonyamula thupi itafika pa filing'i masana, anthu anaitsekera njira. Ati tatopa ndi maliro abodza, vundukulani tione nkhope. Munthu ali mu nsanda, Amayi, atamusambitsa kale, anthu osamudziwa akufuna amusuzumire ngati nsomba ya pamsika. Abale anakana, n'kubwerera. Anakagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo ndani akudziwa kuti zigubuzo zinadzazidwa ndi yani. Anaika dzuwa likulowa.

Abiti sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangoti, "Anaphiri, ndakuonani pa foni. Munayimba bwino." N'kutembenuka.

Munkati maliro n'kulirana. Kaulemu kamodzi kaja kamene kanatsala mu mzinda muno, mdzukulu wanu anakayamwa ndi paipi, ndipo pakamwa pamene anagwiritsa ntchito poyimba ndi panga.

Loweruka m'mamawa ndinamva hutala. Limbani, minibasi ataitsuka, malaya atasita.

"Masiteni, thanki ili fulu. Tiyeni, tikafika mwambo usanayambe."

Ndinamuyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Iwe, unandisiya."

"Akanaphwanya galasi, bwana ndikanamuuza chiyani? Inu sakanakumenyani, ndinu wamkulu."

"Unati agogo ako ali ku mochale."

"Aliyense akupanga dili, Masiteni. Minibasi ikaima masiku awiri pamzere, ana anga adya apu? Agogo akanamvetsa."

"Usawatchule. Pakamwa pako pakununkhabe."

Chikwama china chinali pomwepo pa mpando, chomangamanga, poti cha dzulo chinapita ndi minibasi. Mtima unkafuna, Amayi, musaganize kuti sunkafuna. Phazi limodzi linatsala pang'ono kutuluka lokha. Koma ndinaganiza, ndikatsike pa manda anu kuchokera m'galimoto yoyendera mtembo wanu? Ndikagwire nsalu yoyera ndi manja amenewo, abusa akupemphera? Ndinamuuza kuti achotse chigalimoto chake pa khomo panga, ndipo ndinatseka chitseko.

Sindinangokhala. Ndinavala chitenje wamba n'kupita ku depoti. Maminibasi a ku Dedza anali ochita kuwerenga pa zala, ndipo ikangofika imodzi anyamata ankalowera pa windo. Ine ndi mawondo angawa ndilowere pa windo? Ndinakankhidwa, ndinapondedwa, kondakitala wina anandiuza kuti, "Gogo, dikirani ya mawa." Dzuwa litafika pamutu ndinadziwa kuti nsalu yachoka kale. Ndinakhala pa mwala pafupi ndi ogulitsa mazira n'kulira kachiwiri sabata imodzi, ulendo uno popanda wondijambula.

Ndiye tamverani zomwe anachita mwamuna wanuyo. Rozi ndi amene wandiuza pa foni. Anapita ndithu. Ananyamula abale ena a ku Chinsapo, anafika ngati mfumu, anthu kumuyamika kuti mwana uyu ndi wodalirika, wapeza mafuta nthawi yovuta chonchi. Atamufunsa za ine anati ndagona, magazi athamanga. Bodza limenelo analinena ataima pamutu panu. Ndipo nkhata ya maluwa oyera ndi ofiirira ija anagwada nayo n'kuika, anthu akuti aa, taonani chikondi cha mdzukulu, ndi yanga. Inatsalira mu minibasi. Ndikufuna mudziwe kuti ndinasankha ndine, duwa lililonse.

Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu. Akulu a mpingo andiitana, akuti nkhani ikambidwe, ndipo yunifolomu ndiyambe ndaipinda. Kuyambira pamene munandiveka duku limenelo ndi manja anu sindinajombepo Lachinayi, lero ndimamva anzanga akudutsa pa msewu ndili m'nyumba. Amayi awiri aja amuna awo awaletsa kundipatsa moni. NyaGondwe yekha akuti akaima nane. Chithunzi chija sichinafufutike, akuti za mu foni sizifa. Dzana ndikupita kotunga madzi, anyamata a kabaza pa kona anavula zipewa n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya maliro. Ndinawauza kuti asunge mawuwo, adzawafuna pa maliro a amayi awo. Kwa Abiti ndinapita ndi kankhuni ndi kaufa kukapepesa. Analandira, anandiyalira mkeka, koma maso sanandipatse.

Inunso muli ndi mbali yanu, ndinene. Chiwindi chija ndi chimenechi. Munamuphunzitsa kuti akamwetulira mbale imavundukuka yokha. Ine ndinkaoneka woipa ndi kamtengo kanga, inu muli wabwino. Lero wandigulitsa ine, wakugulitsani inu, ndipo akuyendabe m'tauni akuliza hutala. Wayesapo kawiri kundinyengerera. Ulendo woyamba anabweretsa shuga, ndinamubwezera pa windo. Wachiwiri anatuma mkazi wake, ndinamupatsa madzi akumwa poti alibe mlandu, koma mawu a mwamuna wake ndinamuuza abwerere nawo. Ndinamuuza chimodzi: Limbani akaime pamaso pa akulu a mpingo ndi pa khomo la Abiti, anene ndi pakamwa pake chimene anachita. Akuti akuganizira. Aganize, mutu ndi wake.

Tsono ndikupempheni chinthu chimodzi. Ndikukudziwani, Amayi. Musabwere ku maloto kudzamupepesera. Musadzandiimirire kumutu kwa bedi n'kumati ndi mwana, musiye. Mukafuna kumukhululukira khululukani nokha kumeneko, ndi mwamuna wanu. Ine sindinafikepo.

Kubwera ndibwera, limenelo ndi lonjezo. Sindidikira mwambo, sindiitana munthu. Ndidzadzuka tsiku wamba, ndidzakwera chilichonse chimene chalipira mafuta ake moona, ndikatsika pa msewu waukulu ndidzakwera njinga yopalasa mpaka kumanda. Ndidzakhala pansi pambali panu, ndiwerenge dzina lanu pa mwalapo ndi chala, chilembo chimodzichimodzi, ndione ngati analemba bwino. Mukadzafuna kundikalipira mudzandikalipire pomwepo, tili awiri.

Mupereke moni kwa Ababa, koma izi musawauze.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ngakhale simunandione,

Agnesi